Mazira a Velázquez ndi khitchini ya ku Nsadzo

Mu 1618, Diego Velázquez, mnyamata wa zaka pafupifupi 19 wa ku Seville m'dziko la Spain, anajambula mayi wokalamba akukazinga mazira. Chithunzicho lero chili mumzinda wa Edinburgh ku Scotland. Ophunzira kujambula ndi penti wa mafuta amakonda kukopera zithunzi zotere za nyengo ya Baroque, zoonetsa moyo wa tsiku ndi tsiku. Kodi mwana wa ku Nsadzo, m'boma la Chifunde, angapindule chiyani mphunzitsi wa Educação Visual atamupatsa chithunzichi kuti akopere?

Phindu lilipo ndithu. Kumbuyo kwa chithunzichi kuli mdima, ndipo kuwala kukuchokera kumanzere. Kukugwera pa manja a mayiyo, pa mazira amene angoyamba kulimba mumphika wadothi, pa kamtondo kamkuwa, ndi pa mpeni wogonekedwa pa mbale yoyera, umene mthunzi wake wapindika motsata mbaleyo. Wokopera amayamba ndi mitundu yoderapo, yowala n'kubwera pamwamba, ndipo amadikira masiku kuti penti aume. Amazindikiranso kuti dzira siliyera mofanana mbali zonse. Amenewa ndi maphunziro a diso ndi a kuleza mtima.

Ngozi yake ndi imene aphunzitsi a kuno amaidziwa kale. Mwana amatha kukopera chiganizo cha Chipwitikizi kuchokera pa bolodi, zilembo zonse zolondola, tanthauzo osalidziwa. Vutoli ndi limodzi mwa zimene zinachititsa kuti polojekiti ya PEBIMO iyese kuphunzitsa ana ena a ku Tete m'Chinyanja kuyambira 1993 mpaka 1997, ndi kuti mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri ayambike m'sukulu za boma. Mwana amene wakopera bwino mthunzi wa mpeni uja, koma sangafotokoze m'chinenero chake chimene chaupinditsa, wachita zomwe zija za pa bolodi.

Kukopera kumabisanso chinthu china. Velázquez atamaliza zaka 6 za maphunziro kwa Francisco Pacheco, anajambula ziwiya za kwawo akuzipenya ndi maso. Mphika, anyezi ndi vwende limene mnyamata wa m'chithunzicho wanyamula zinali zinthu wamba za ku Seville. Mphamvu ya chithunzichi yagona pa ulemu umene wojambulayo anapereka kwa zinthu zosatchuka. Wongokopera amatola mitundu, ulemuwo n'kuusiya, ndipo angapite kwawo akuganiza kuti khitchini yoyenera kujambulidwa ili ku Ulaya kokha.

Choncho kukopera kuchitike kamodzi, ndipo kuyendere limodzi ndi kukambirana m'Chinyanja: kuwala kwalowera kuti, mdima wayambira pati, nanga n'chiyani chikusiyanitsa mkuwa ndi dothi. Kenako ntchito isamukire pa zinthu za kumudzi. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya 2004 inapatula magawo 20 pa 100 a nthawi kuti akhale a currículo local, ndipo mpata wake ndi umenewu. Mphika uli pa mafuwa, mthiko ndi lichero m'khitchini yolowa kuwala pakhomo pokha zimaphunzitsa za kuwala ndi mdima mofanana ndi chithunzi cha ku Seville. Popeza penti wa mafuta ndi wodula, makala ndi dothi lofiira zingakwanire poyambira. Pochonga, mphunzitsi asangoona kufanana kwa zithunzi ziwirizo. Afunse mwanayo chifukwa chimene waikira mthunzi pamene wauika, ndipo amve yankho lake.