Kacisi wa Baluarte pa Cisumbu ca Moçambique

Ndifuna kukusimbirani za kacisi wa Akatolika amene ndinamuona pa cisumbu ca Moçambique, m'nyanja yamcere, pamene panali likulu la Apwitikizi kufikira caka ca 1898. Dzina lace ndi Nossa Senhora de Baluarte, ndipo anamangidwa m'caka ca 1522, zitapita zaka 24 cifikire Vasco da Gama pa cisumbuco. Akuti mwa nyumba zomangidwa ndi Azungu kum'mwera kwa dziko lapansi zimene ziri ciriri, iyi ndiyo yakale yoposa zonse.

Ndinayesa kuti ndidzaona cinyumba cacikuru, koma ndinapeza kanyumba koyera ndi njereza, kokhala pathanthwe, mafunde ali kumenya m'munsi mwace. Ana a sukulu imodzi ya kumudzi sangakwanemo. Koma polowa ndinakweza maso, ndipo ndinakhala cete nthawi ndithu. Tsindwi lace liribe phaso kapena mzati. Ndi lamiyala yokha-yokha, yopindika ngati nthiti za ng'ombe, mwala uli wonse kutsamira unzace, kotero kuti kulemera kwace komwe ndiko kulilimbitsa. Ife amene tifolera nyumba zathu za mapemphero kawiri-kawiri, ndi kulimbana ndi ciswe m'nsici, tiyenera kuwatama amisiriwo. Sanacurutse zokometsera. Kuwala kulowa pa timazenera tating'ono, ndipo pansi pali miyala ya manda yolembedwa, ina yofufutika ndi mapazi a anthu. Pa luso la mamangidwe ndiribe mau otsutsa.

Cimene cinandivuta mumtima ndi njira yofikira kumeneko. Kacisiyo ali pa nsonga ya cisumbu, kuseri kwa linga lalikuru la São Sebastião, limene anayamba kulimanga m'caka ca 1558. Munthu wofuna kukagwada ayenera kuyamba walowa pa cipata ca asilikari, napita pansi pa mizinga. Ngakhale dzina lakuti Baluarte litanthauza malo ochinjirizapo nkhondo. Nyumba imanena mwini wace ndi pamene yaima, ndipo iyi inena kuti inamangidwira amarinyero ndi asilikari opita ku Goa, kuti ayamike populumuka panyanja. Anthu a kumtunda sanali m'maganizo a omanga.

Sindinena kuti munalibe anthu acifundo pa cisumbuco. Francisco Xavier anakhalapo miyezi ingapo, kuyambira 1541 kufikira 1542, nadwazika odwala podikira mphepo yabwino. Koma iyenso anali wapaulendo. Ndipo m'zaka za m'tsogolo, pamene amalonda a Ciyao anatsikira kugombeko ndi minyanga ndi akapolo ocokera kufupi ndi nyanja yathu, ena mwa makolo athu anakwezedwa m'zombo pa doko lomwelo, nazungulira nsonga iyi. Kapena kanyumba koyerako kanali mwa zotsiriza zimene anaziona za dziko la Afrika.

Lero anthu ambiri a pa cisumbuco ndi Asilamu, ndipo mzikiti wao udzala pa Lacisanu. M'caka ca 1991 a UNESCO analemba cisumbu conse m'kaundula wa malo oyenera kusungidwa, ndipo ndi bwino kuti kacisiyo asungidwe. Tsiku limene ndinalimo ine, olowamo anali alendo ojambula zithunzi, ndi mnyamata wotionetsa njira, amene anatidikira pakhonde.