Chiwetel Ejiofor: Luso Losunga Mtima M'kati

Mu filimu ya 12 Years a Slave ya mu 2013 muli gawo limene silichoka m'mutu ukalionera. Solomon Northup, munthu wobadwa mfulu ku New York amene anabedwa mu 1841 n'kugulitsidwa ukapolo, amukoleka chingwe m'khosi pamtengo. Amene amafuna kumupha athamangitsidwa, koma palibe womumasula. Zala zakuphazi zokha ndizo zikukhudza matope. Kumbuyo kwake akapolo anzake akutuluka m'nyumba kupita kuntchito zawo, ana akusewera, ndipo mayi wina akubwera mozemba, n'kumumwetsa madzi, n'kuthawa. Kamera sikusuntha kwa nthawi yaitali. Chiwetel Ejiofor, yemwe akusewera ngati Solomon, sakutulutsa liwu. Chomwe tikumva ndi kupuma kobanika ndi kuphwatuka kwa matope pamene akusinthanitsa mapazi, kunyang'ama ndi ili, kenaka ilo, kufunafuna polimba. Moyo wonse wa munthu wautsitsira ku zala khumi.

Apa ndi pamene pagona luso la katswiriyu. Ambiri ochita zisudzo amakhuthula zonse zimene ali nazo kuti tione kuti akumva ululu. Ejiofor amazisunga m'kati, n'kutilola kuona mphamvu imene munthu akugwiritsa ntchito pozisunga. Woonera amayamba kulira yekha m'malo mwa amene akukana kulirayo.

Ejiofor anabadwira ku Forest Gate mumzinda wa London pa 10 Julaye 1977. Makolo ake anali ochokera ku Nigeria, a mtundu wa Igbo. Bambo anali dokotala, mayi katswiri wa mankhwala. Ali ndi zaka 11, banjalo litapita kwawo ku ukwati, galimoto imene anakwera ndi bambo ake inawombana ndi lole. Bambo anafera pomwepo, iye anapulumuka atavulala kwambiri, ndipo chipsera cha ngoziyo chikuonekabe pachipumi pake. Zisudzo ankachita ali pa sukulu ya Dulwich College, n'kulowa gulu la achinyamata la National Youth Theatre, kenaka sukulu ya zisudzo ya LAMDA. Asanamalize maphunziro, Steven Spielberg anamutenga mu filimu ya Amistad ya mu 1997 kuti akhale womasulira pakati pa Aafrika ogwidwa ukapolo ndi maloya awo.

Ntchito ya womasulira ndi kutchera khutu, ndipo kumvetsera ndi chida choyamba cha Ejiofor. Muonereni pamene mnzake ndiye akulankhula. Sadikira nthawi yake ngati munthu woloweza mawu. Maso ake aakuluwo amayenda ndi nkhani, nsidze zimasendera pang'ono, milomo imatseguka ngati ayankha kenaka n'kutsekanso. Mawu a winayo timawaona akufika ndi kugwira ntchito pankhope pake.

Mu Dirty Pretty Things ya mu 2002, imene anatsogolera Stephen Frears, iye ndi Okwe, dokotala wa ku Nigeria wokhala mu London opanda mapepala. Masana amayendetsa takisi, usiku amalandira alendo pahotela, ndipo amatafuna zitsamba kuti asagone. Tsiku lina akutsegula chimbudzi chotsekeka m'chipinda cha alendo, akupezamo mtima wa munthu. Wina akanakuwa kapena kudzandira. Okwe akuuyang'ana ndi diso la dokotala, wodziwa bwino chimene wagwira, pomwe mantha a munthu amene sangapite kupolisi akukwera pang'onopang'ono. Mufilimu yonseyo Ejiofor amayenda msana uli chilili, mawu ali pansi, manja odekha ngati a munthu wozolowera kuchita opaleshoni. Sitifunika kuuzidwa kuti uyu anali munthu wolemekezeka kwawo. Thupi lake lanena kale.

Kudekha kumeneku sikuchokera pa kusowa mawu. Ejiofor ndi mwana wa pa nsanja ya zisudzo, kumene liwu liyenera kufika kwa wokhala kumbuyo kwenikweni. Mu 2000 anagwedeza National Theatre m'sewero la Blue/Orange ngati mnyamata wa m'chipatala cha odwala maganizo amene madokotala awiri akukanganirana. Mu 2007 anasewera Othello wa Shakespeare ku Donmar Warehouse, nyumba yaing'ono ya anthu pafupifupi 250, pamodzi ndi Ewan McGregor ngati Iago, ndipo chaka chotsatira analandira mphotho ya Olivier. Othello wake anali msilikali wolankhula mofatsa ndi mwaulemu, kotero kuti nsanje itamulowa, kugwa kwake kunachokera pamwamba zedi. Mu 2013 anali Patrice Lumumba ku Young Vic m'sewero la Aimé Césaire la A Season in the Congo, kumene anafunika liwu lodzutsa khamu. Anavalanso nsapato zazitali n'kuimba ngati Lola mu filimu ya Kinky Boots ya mu 2005. Munthu amene ali ndi mphamvu zotere akasankha kukhala chete, chetecho chimalemera.

Gawo lina la 12 Years a Slave limaonetsa izi bwino. Akapolo aika m'manda mnzawo amene wagwera m'munda wa thonje, ndipo akuimba nyimbo ya maliro. Solomon waima pakati pawo milomo ili yotseka. Kuimba nawo ndi kuvomereza kuti tsopano ndi mmodzi wa iwo, kuti kwawo mwina sadzabwererako. Kamera ili pankhope pake. Chibwano chikunjenjemera, maso akuthawa uku ndi uku, kenaka milomo ikuyamba kugwedera popanda liwu. Liwu likutuluka laling'ono, likukula, mpaka akuimba ndi chifuwa chonse, mkwiyo ndi pemphero zitasakanikirana. Kusintha kwakukulu m'moyo wa Solomon kwachitika popanda chiganizo chimodzi chofotokozera. Ntchito imeneyi inamupatsa mphotho ya BAFTA mu 2014 ndipo anapikisana nawo pa Oscar.

Amalawi timamudziwa chapafupi kudzera mu The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anapanga makina amphepo otulutsa magetsi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ejiofor analemba filimuyi kuchokera m'buku la William ndi Bryan Mealer, anaitsogolera, anaijambulira kuno kumudzi, ndipo anasewera ngati bambo Trywell Kamkwamba. Anasankha kuti mbali yaikulu ilankhulidwe m'Chichewa ndipo iye mwini anachiphunzira. Khutu la mwini chiyankhulo limamva msanga kuti lilime ndi la mlendo, ndipo ambiri anazinena. Koma yang'anani mmene anamumvetsera bambo wa pamudzi amene nkhokwe yake yauma.

William akupempha njinga ya bambo ake kuti aiphwasule apangire makina amphepo opopa madzi. Njingayo ndi chuma chomaliza cha pakhomo. Ejiofor akuyamba ndi kuyang'ana mwanayo ngati sanamve bwino, kenaka mkwiyo ukuphulika, akuphwanya kachitsanzo ka makinawo n'kumukankhira kumunda ndi khasu. Pansi pa ukaliwo pakuoneka manyazi a mwamuna amene walephera kudyetsa ana ake, ndipo mwana wake yemwe akumuuza kuti akudziwa zimene iye sadziwa. Mphika wovundikira ukawira kwambiri umataya chivundikiro, ndipo chifukwa Ejiofor anauvundikira kuyambira pachiyambi, kuphulikako kumatiopsa n'kutimvetsa chisoni nthawi imodzi. Pambuyo pake, bamboyo akaipereka njingayo, salankhula zambiri. Mapewa atsika, maso ali pansi, ndipo tikuona kuti kugonjera mwana wako kumafuna kulimba mtima kuposa kumukalipira.

Ngati wotsogolera filimu anapatsanso ena mpata womwewo. Maxwell Simba wa ku Kenya, Aïssa Maïga ndi Lily Banda wathu anapatsidwa nthawi yoti nkhope zawo zilankhule popanda kuthamangitsidwa ndi kamera.

Ntchito ya Ejiofor ndi yofunika chifukwa cha anthu amene amasankha kuwaimirira: kapolo, mlendo wopanda mapepala, mlimi wa m'chaka cha njala. Awa ndi anthu amene dziko limawawerenga m'magulu n'kuwamvera chisoni chapatali. Iye amawapatsa maganizo, kunyada, zolakwa ndi nzeru zawozawo, mpaka woonera amasiya kuwamvera chisoni chabe n'kuyamba kuwalemekeza. Wachinyamata aliyense wofuna kuchita zisudzo aphunzirepo kuti kukuwa aliyense angathe, koma kumvetsera mnzako pa nsanja ndi kudziwa nthawi yomasula mtima ndi ntchito ya zaka zambiri, ndipo Ejiofor waigwira mokhulupirika.