Mijedo ya anthu otchuka ikulembedwa mwaulesi

Mmawa wina ndili pagombe ku Linga, ku Nkhotakota, kudikira mabwato a usipa, mayi wina wogula nsomba anandionetsa foni yake. Pa Facebook panali chithunzi cha woimba wina wotchuka atatong'ola maso, pansi pake atalemba kuti simungakhulupirire zomwe wachita mkuluyu, dinani apa. Mayiyo anadina. Foni inangozungulira osatsegula kanthu, poti bandulo yake inali ya Facebook yokha. Anaikulunga pansonga ya chitenje n'kutembenukira kwa mnzake, ndipo mabwato asanakocheze anali atamaliza nkhani ya mwini chilimira wina amene anabwera kugombe atavala nsapato za mkazi wachiwiri. Tonse tinagwa nacho chiseko. Wolemba uja anali atalephera ntchito imene mayiyu anaigwira mosakonzekera n'komwe.

Sindikutsutsa mijedo ayi. Nkhotakota ndi malo a malonda kuyambira nthawi ya a Jumbe, ndipo pamene pakumana ogula ndi ogulitsa sipasowa manong'onong'o. Chimene chimandinyansa ndi ulesi. Mutu wobisa nkhani uja tinaubwereka kwa anzathu akunja, kumene munthu akadina, tsamba limatseguka ndipo mwini wake amapeza ndalama za otsatsa malonda. Kuno owerenga ambiri amagula kabandulo ka masamba a mchezo ka TNM kapena Airtel, kosatulukira kunja kwa Facebook ndi WhatsApp. Ukawabisira nkhani kuseri kwa linki, wawatsekera chitseko n'kutaya kiyi. Komanso Facebook imaonetsa mizere yoyamba yochepa chabe, yotsalayo n'kuipinda. Mizere imeneyo ndiye munda wonse wa wolemba, koma iye amadzalamo mawu akuti "zodabwitsa", "zachilendo", "tamvani izi".

Luso lenileni ndi nsapato zija. Mjedo umakhala ndi moyo ukakhala ndi kanthu kamodzi kakang'ono kooneka ndi maso, kamene womvera angakanyamule n'kukakatula kwa wina osataya chilichonse panjira. Ukalemba kuti woimba wina wachita manyazi ku Dwangwa, sunanene kanthu, manyazi alibe mtundu. Koma tayerekezani kuti walemba kuti woimbayo, amene m'kanema wake amatsika m'galimoto yonyezimira, anafika pamalo a zoimbaimba ali pa kabaza, atafukata sipika pamiyendo. Apo owerenga aona, aseka, ndipo madzulo akanena pa bawo mawu ake omwewo. Kanthu kameneka kamagwira ntchito ziwiri: kamaseketsa, komanso kamachitira umboni kuti wolembayo kapena womutsina khutu analipo. Wabodza amakonda mawu akuluakulu chifukwa sanaone kanthu kakang'ono.

Amene akufuna sukulu ya zimenezi asapite kutali. Nkhani za m'maboma pa wailesi ya MBC zakhala zikuphunzitsa luso limeneli usiku uliwonse kwa zaka zambiri, mpaka Harri Englund analemba buku lonse mu 2011 lozukuta pologalamuyi. Tamverani momwe amayambira: bambo wina, m'dera la mfumu yakutiyakuti, wachita chakuti. Chiganizo choyamba chanena kale mapeto, komabe palibe amene amatseka wailesi, chifukwa chotsalacho ndi njira yake, ndipo kukoma kuli m'njiramo. Dzina la munthu nthawi zambiri salitchula, koma mbuzi, mtondo kapena thumba la feteleza amazitchula bwinobwino. Ha, akonzi amenewo amadziwa Chichewa! Akanakhala kuti anyamata a masamba a mchezo amvera mwezi umodzi wokha ali ndi kope m'manja, bwenzi zinthu zitasintha.

Ngakhale atolankhani akunja akafatsa amachita zomwezi. Nyimbo ya Giddes Chalamanda ya Linny Hoo, imene anaibwereza ndi Patience Namadingo mu 2020, itafala pa TikTok n'kuonedwa kambirimbiri, nkhani imene inazungulira dziko mu 2022 inatsamira pa mfundo imodzi: gogo wa ku Chiradzuluyo analibe n'komwe foni yamakono yoonerapo kutchuka kwake. Palibe chobisa, palibe chonyoza, koma aliyense amene anaiwerenga akuikumbukira.

Za zithunzi za macheza a pa WhatsApp zomwe ena amangomata n'kulemba kuti nanga inu mukuti bwanji, sindichedwapo, kumeneko n'kutola osati kulemba.

Koma pa mawu akuti "akuti" ndiimapo pang'ono. Mawu amenewa ndi mchere wa mjedo. Mayi wa pagombe uja anawatchula kamodzi kokha, pamalo pamene iye mwini sanaone, ndipo tonse tinadziwa pothera maso ake ndi poyambira makutu ake. Olemba ambiri amawamwaza m'chiganizo chilichonse poganiza kuti ndi chishango. Si chishango. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo, ndipo anthu anagonapo m'chitokosi chifukwa cha zolemba pa intaneti. Koma ngakhale apolisi atapanda kubwera, nkhani ya "akuti" asanu imamveka ngati nsomba yodutsa m'manja mwa ogulitsa asanu, pofika pa Salima yayamba kale fungo.

Mabwato atakocheza, mayi uja anaiwala za woimba, n'kuyamba kukangana mtengo wa chidebe cha usipa. Ine ndinakatsegula linki ija madzulo ndi bandulo yanga. Munali ndime zinayi, zitatu zobwereza mutu, yachinayi yonena kuti woimbayo wasintha chithunzi chake pa Facebook.