Katoni ya Zimbale za ku Komboni

Malume anga ali ndi katoni yomwe kale inali ya sopo, ndipo m'menemo amasungamo ma CD awo. Anakulira pa famu ina ya fodya kufupi ndi Bindura, ku Zimbabwe, kumene bambo awo anafika wapansi kuchokera ku Dedza. Lero amakhala m'kachipinda ka lendi ku Chipadze, koma katoniyo ili pamwamba pa kabati, kutali ndi dzuwa, kutali ndi adzukulu. Ukawapempha nyimbo sakupatsa chimbale m'manja. Amachitulutsa okha, atachigwira m'mphepete ngati mbale yotentha, n'kukuuza kuti ukhale pansi, chifukwa nyimbo yake si yomvera uli chiimire.

Anthu amawaseka. Nyimbo zonsezo zingakwane pa kakhadi kakang'ono kuposa chikhadabo, ndipo pa msika wa Mbare Musika mnyamata angakuthirire pa fulashi usanamalize kudya chimanga chootcha. Ine ndili ku mbali ya malume, koma osati chifukwa chowamvera chisoni. Nyimbo za sungura zimene amasungazi zinaumbidwa mwa njira yoti foni imaziphwanya, ndipo wosunga zimbale amamva zimene ena tonsefe tinasiya kumva.

Dzina lenilenilo linachokera pa chimbale. Sungura ndi kalulu m'Chiswahili, ndipo linali dzina la kampani yojambula nyimbo ya ku Kenya imene zimbale zake zinkafika ku Zimbabwe, pamodzi ndi za kampani ina yotchedwa Kanindo. Anyamata anamva magitala othamanga a kum'mawa kwa Africa ndi rumba ya ku Congo, n'kuziphatikiza ndi zimene ankavina kwawo. Ambiri mwa iwo kwawo kunali ku komboni, pa famu kapena pa mgodi, ana a machona ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. John Chibadura anabadwira ku Bindura mu 1957, makolo ake a ku Mozambique. Nicholas Zakaria, wa gulu la Khiama Boys, anakulira ku mafamu a ku Mazowe, bambo ake a ku Malawi. Daiton ndi Josphat Somanje a Pengaudzoke anatulukira ku mafamu a ku Marondera. Alick Macheso anabadwa mu 1968 ku Shamva. Ndiye kuti lamba yense wa fodya, chimanga ndi malalanje wa ku Mashonaland, kumene Loweruka la malipiro kunkatuluka gule wamkulu masana, gitala n'kulira usiku.

Chodabwitsa n'chakuti CD sinali chuma cha pa famu. Philips ndi Sony anaitulutsa mu 1982, koma ku komboni kunalibe magetsi. Kunali wailesi ya mabatire ndi kaseti yobwezera ndi bolopeni kuti mabatire asathe. Makampani a Gramma Records ndi Zimbabwe Music Corporation ankadya za makaseti amenewa. CD inayamba kufika m'manja mwa munthu wamba pa nthawi imene mafamuwo ankatha. Macheso atachoka ku Khiama Boys anatulutsa Magariro mu 1998, Vakiridzo mu 1999, kenako Simbaradzo mu 2000, chaka chomwecho chimene kulanda mafamu kunayamba. Ogwira ntchito m'mafamu anali oposa 300,000, osawerengera mabanja awo, ndipo ambiri anataya ntchito ndi nyumba pa kamodzi. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, moti obadwira ku Zimbabwe kwa makolo akunja anauzidwa kukana unzika wa maiko amene sanawapondepo n'komwe. Zinadzakonzedwa ndi malamulo atsopano a dziko a 2013. Choncho malume anagula CD yawo yoyamba atachoka kale pa famu. Katoni yawo si chotsalira cha moyo wa ku komboni. Ndi komboni imene anaimanganso, chimbale chimodzichimodzi.

Tsopano za luso lenileni. Chimbale cha sungura kawirikawiri chimakhala ndi nyimbo zisanu ndi imodzi, iliyonse ya mphindi khumi kapena kuposerapo. Wosazolowera amati n'kubwerezabwereza. Si choncho. Gawo loyamba ndi la mawu: woyimba amadandaula, amalangiza, amalira amayi ake kapena umphawi, magitala akuyenda pansipansi ngati anthu operekeza. Mawu akatha, nyimbo siitha. Imavula jekete. Gitala yotsogolera ndi yapakati zimayamba kulukana, iliyonse ikulowa m'mipata imene inzake yasiya, ng'oma zikungosunga liwiro, ndipo apa m'pamene Macheso anasintha zinthu. Kwa ena bezi ndi mzati, imanyamula denga osaoneka. Kwa iye bezi imalankhula, imakwera mpaka kumene kumayenda gitala yotsogolera, imafunsa, imadziyankha, nthawi zina magitala ena onse n'kukhala chete kuti iyo ikambe yokha ndi ng'oma. Amene anamvapo ng'oma ya mbalule ikulamula mapazi a chilombo pa bwalo sadabwa ndi zimenezi. Sindikunena kuti anakopera gule. Ndikunena kuti khutu lokulira pafupi ndi dambwe limadziwa kuti chida cha mawu otsika chingathe kutsogolera.

Ndiyetu yesani kumvera bezi imeneyo pa kasipika ka foni. Kulibe. Zotsala ndi magitala opyapyala ndi mawu, ngati ndiwo zopanda nsima. Onjezani kuti fayilo imene yadutsa pa WhatsApp kangapo, yofinyidwa kuti ichepe, nthawi zina imakhala yodulidwa pa mphindi yachisanu, dzina lake lolakwika, woyimba wake wina. Ndinapezapo nyimbo ya Zakaria italembedwa kuti ndi ya wophunzira wake Macheso, zomwe zili ngati kuitana bambo ndi dzina la mwana. Pa CD yeniyeni nyimbo imayamba pamene oyimba anaiyambira, imathera pamene anaithera, ndipo yotsatira ndi imene iwo anasankha kuti itsatire. Malume amati chimbale chili ngati mzere wa fodya, suyambira pakati.

Sindikufuna kuipaka mafuta CD. Inabweretsanso matenda ake. Imanyamula mphindi 74 mpaka 80, ndipo oyimba ena anaona ngati danga lonselo liyenera kudzazidwa. Pali nyimbo zimene mfundo yake inatha pa mphindi yachisanu ndi chimodzi koma zimakokedwa mpaka khumi ndi ziwiri, woyimba akutchula mayina a eni mabasi ndi eni mabala amene anamugulira chakumwa. Leonard Dembo, amene anamwalira mu 1996, ankadziwa kutalikitsa nyimbo popanda kuitopetsa. Omutsanzira ambiri anangotengako kutalika. Palinso vuto la kufanana. Bothwell Nyamhondera, amene anajambula magulu ambiri a sungura, anapatsa nyimbozi kamvekedwe koyera, gitala iliyonse ikumveka payokha popanda phokoso, ndipo iyi ndi ntchito yaikulu. Koma ukamvera zimbale khumi motsatizana, za magulu ang'onoang'ono makamaka, umayamba kumva chipinda chimodzimodzi, ng'oma zouma zomwezo. Mapepala a kunja nawo ndi ochititsa manyazi: chithunzi cha woyimba atavala suti yowala, zilembo zolakwika, ndipo pa zina chaka sichinalembedwe.

Komabe kapepala komweko, pamene kalembedwa bwino, ndiko kamene malume amakakonda koposa. Amavala magalasi n'kuwerenga mayina a oyimba ndi mitu ya nyimbo, akuloza ndi chala: uyu ndi wathu, uyu ndi Msena, uyu ndi Myao. Pa Simbaradzo pali nyimbo yotchedwa Mundikumbuke, mutu wa Chichewa pa chimbale chimene chinagwedeza dziko lonse, pa nthawi imene olankhula chilankhulocho ankauzidwa kuti alibe kwawo. Wa ku Lilongwe akamva Chichewa cha m'nyimbozi amamwetulira, poti chimapendekera ku Chishona, mawu ena akale amene kumudzi anasiyidwa. Ine sindichiona ngati chothyoka. Ndi Chichewa cha mibadwo itatu ya pa famu, ndipo kunja kwa zimbalezi n'kovuta kupeza pamene chinasungidwa.

Kusonkhanitsa zimbale kwenikweniko kuli ndi nzeru zake. Ndalama ya dziko itagwa mu 2008, dola ya ku America n'kulowa mu 2009, misewu inadzaza ndi ma CD obena, awiri pa dola imodzi, ndipo makampani ojambula anafooka mpaka kugwada. Malume amasiyanitsa chenicheni ndi chobena asanachiike m'makina. Amachitembenuza: chodindidwa ku fakitale chimakhala chasiliva, ndipo pa mkombero wamkati pali tizilembo ndi manambala, chobena chimaonetsa kubiriwira kapena mtundu wa buluu, chifukwa nyimbo zake zinawotchedwa pa utoto umene umafwifwa ndi dzuwa. Amadziwanso kuti mbali yolembedwa ndiyo yosalimba, poti nyimbo zili pansi penipeni pa zilembozo, ndiponso kuti popukuta umayambira pakati kupita kunja, osazungulira. Zobena samataya. Ali nazo m'jumbo yapadera, chifukwa magulu ena a ku Mvurwi kapena ku Glendale anangojambula kamodzi, ndipo chobenacho mwina n'chokhacho chatsala. Apa ndimatsutsana nawo pang'ono: ndimawauza kuti zimenezo ndiye azikopere msanga pa kompyuta, iwo amati kompyuta ilibe chikuto.

Ulendo wathawu ndinawapeza akugwiritsa makina a DVD, poti wailesi yawo ya CD inasiya kuwerenga. Analumikiza ku sipika yaikulu imene anagula kwa munthu wotseka bala. Anaika chimbale cha Khiama Boys cha nthawi imene Macheso anali adakali kumbuyo kwa Zakaria. Pa nyimbo yachitatu pali pokalika, ndipo makina amadumpha pamalo omwewo nthawi zonse, bezi itangoyamba kukwera. Malume anakweza chala, n'kuimba ndi pakamwa kachigawo kosowako, phazi likugunda pansi, mpaka makinawo anawapeza.