Mmene ŵ imadutsira pakati pa mapulogalamu awiri

Mphunzitsi wa ku Mauwa akasunga ndandanda ya mayeso n'kuitcha "Loŵeruka.pdf", pulogalamu imene walemberamo siisindikiza yokha. Imaitana inzake n'kuipatsira dzina la fayiloyo. Pa Linux dzinalo silipita ngati zilembo ayi, limapita ngati manambala otsatizana, mabayiti, ndipo ziro ndiye amanena kuti dzina lathera apa.

Chovuta ndi ŵ. ASCII, ndondomeko ya mu 1963 yopatsa zilembo manambala, ili ndi malo 128 okha, ŵ mulibe.

Mu Seputembala 1992, Ken Thompson ali ndi Rob Pike mu lesitilanti ina ku New Jersey, anajambula UTF-8, njira yatsopano yosandutsira zilembo kukhala mabayiti, pa pepala loikapo mbale. Luso lake lionereni pa ŵ yomweyi. Imakhala mabayiti awiri, 197 ndi 181. Onse aposa 127, choncho palibe imene ingaoneke ngati ziro wotseka dzina, kapena 47, kamzere kolekanitsa mafoda kaja. Akalembedwa m'ma 0 ndi ma 1, monga kompyuta imawaonera, yoyamba imayamba ndi 110, kutanthauza kuti tilipo awiri. Yachiwiri imayamba ndi 10, kutanthauza kuti ine ndikungotsatira. Ukadula mawu pakati, umadziwabe pamene chilembo china chayambira. Pulogalamu yakale yosadziwa Chichewa imangonyamula mabayitiwo ngati wakabaza wonyamula thumba lomanga, n'kukatula osamasula. Kukonza chatsopano popanda kugwetsa zakale, ameneyo ndiye mmisiri.

Zimasokonekera kwa wolandira dzinalo. Iye amayang'ana locale yake, mawu ngati LANG omuuza kawerengedwe ka mabayiti. Akawawerenga mwa Latin-1, ndondomeko ina yakale, 197 imasanduka Å, 181 imasanduka µ, papepala n'kutuluka "LoÅµeruka". Akakhala pa locale ya C, monga zimachitikira kawirikawiri ndi ntchito zoyamba zokha usiku kudzera mu cron, mwina angoika zizindikiro ziwiri za funso, mwina angoima.

Apa ndimagoma ndi Martin von Löwis. Mu 2009 anapatsa Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, njira yakuti bayiti imene yakanika kuwerengeka isatayidwe. Imasungidwa pa nambala yapadera, ndipo nthawi yoipereka kwa pulogalamu ina ikakwana, imabwerera mmene inalili. Python sinamve dzinalo, komabe fayilo imatseguka.

Manyuzipepala ambiri analeka kulemba ŵ, koma m'mabuku ena ikadalimo. Inu olemba mapulogalamu kuno kwathu, musanapereke ntchito kwa eni ake, iyeseni kaye ndi fayilo ya dzina lokhala ndi ŵ.