Thobwa la Tsiku Lachitatu

Akatswiri olawa vinyo woyera amayamba ndi kuwerenga chaka cholembedwa pabotolo. Chikakhala chaka chimene nyengo inavuta, ambiri botololo amalinyoza lisanatsegulidwe. Chonsecho Riesling wa ku Germany kapena Chenin Blanc wa ku Stellenbosch amatha kugona zaka khumi akukomerakomera, ndipo chomusunga ndi kuwawasa komwe kunkakwinyitsa anthu nkhope ali watsopano.

Kwathu kwa Chikweo chaka chonyozeka ndi 2024. Ng'amba ya El Niño inawotcha chimanga, mpaka m'mwezi wa Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Komatu mapira, omwe timangowaponya m'mphepete mwa munda ngati mwana wamasiye, anapirira. Chimera cha mapira amenewo ndicho azakhali anga anaphikira thobwa limene ndikulikumbukabe.

Luso lawo lili pachala. Phala la mgaiwa likapsa amaliphula n'kulisiya lipume, kenaka amaviikamo chala. Likamaluma sathira kanthu, poti chimera chingafe. Likazizirira, chimera chimangogona, thobwa n'kukhala phala lamadzi basi. Akapeza pakatikati amawaza chimeracho, ndipo phala lolimba lija limasungunuka lokha pansi pa mthiko. Limagona m'mbiya usiku wonse, m'mawa n'kuliwiritsanso.

La tsiku loyamba ndi la ana, lotsekemera mosabisa. Ine anandiikira m'chikho la tsiku lachitatu, lofiirira ngati dothi la pachulu. Poyamba kanabwera kafungo ka utsi wa nkhuni, kenaka kuwawasa kopyapyala konga kwa bwemba. Kutsekemera kunafika mochedwa, mwamanyazi, n'kusiya kakhambi ka mapira kumbuyo kwa lilime. Cholakwika chinalipo: chimera sanachisefe bwino, moti misere inkandikanda pakhosi. Ndingasankhebe limeneli kusiyana ndi la m'mabotolo apulasitiki a pamsika, lomwe ena amalidzaza shuga pobisa chimera chofooka. Shuga amakoma pamlomo pokha, ukameza zathera pomwepo.

Vinyo amapatsa mwini wake zaka zoti adikire, pomwe thobwa limangopereka masiku. Likapitirira limayamba thovu n'kulowera ku mowa, ndipo pakhomo la Chisilamu ngati la azakhali malire ali pomwepo.

Ndinafuna kusungako lina m'chigubu loti ndipite nalo ku Liwonde. Iwo anapukusa mutu.

"Imwani lero, bambo. Mawa si lathunso ili."