Rebecca ndi Rowena: Za Ngwazi za m'Mabuku a Chikondi cha Makedzana

Pali mtundu wina wa mabuku a nkhani zopeka umene anthu a m'maiko ambiri akhala akuukonda kwa zaka zoposa 200. Mlembi amatenga nyengo yakale, imene mafumu ake ndi nkhondo zake nzodziŵika m'mbiri, naikamo mnyamata ndi namwali a m'mutu mwake, amene chikondi chao chipingidwa ndi mavuto a dziko lonse. Amene anakuza mtundu umenewu koposa anzake ndiye Walter Scott wa ku Scotland, ndipo buku lake lomveka kwambiri ndilo Ivanhoe, limene linatuluka mu December 1819. Funso loyenera kuti wophunzira zauphunzitsi alilingalire nali: nchifukwa ninji woŵerenga amaiŵala maina a malinga ndi a nkhondo, koma munthu mmodzi wa m'bukumo amamtsalira mumtima mpaka ukalamba? Nanga nchifukwa ninji munthuyo kaŵirikaŵiri sakhala amene dzina lake lili pachikuto?

Nkhani ya Ivanhoe ichitika ku England m'chaka cha 1194. Dzikolo linali litagonjetsedwa m'chaka cha 1066 ndi a Norman ochokera kutsidya la nyanja, ku France, ndipo Scott aonetsa eni nthaka, a Saxon, akali ndi mkwiyo pa ambuye ao atsopanowo. Wilfred wa ku Ivanhoe ndi mwana wa Cedric, mkulu wa a Saxon. Atate wake anamkana namlanda choloŵa pa zifukwa ziŵiri: anatsata mfumu Richard, wa mtundu wa Norman, kunkhondo ya ku Palestine, ndiponso anakonda Rowena, namwali wa mbumba yachifumu woleredwa pakhomo pa Cedric, amene nkhalambayo inafuna kumkwatitsa kwa Athelstane kuti ufumu wa a Saxon udzukenso. Ivanhoe anabwerera kwao mobisika, wopanda kavalo ngakhale malaya achitsulo. Myuda wina wokongoza ndalama, Isaac wa ku York, anamthandiza kupeza zonse ziŵiri, ndipo pa mpikisano wa mikondo ku Ashby mnyamatayo anapambana, koma analasidwa koopsa. Amene anamtola ndi kumchiza ndiye Rebecca, mwana wamkazi wa Isaac.

Kukoma koyamba kwa buku lotere ndi kwakuti limatsitsa mbiri pampando wa mafumu ndi kuikhazika pakhomo. Buku la mbiri linena kuti mtundu wakuti unagonjetsa mtundu wakuti, basi. Scott ayamba ndi akapolo aŵiri ali kucheza m'nkhalango: Gurth, woŵeta nkhumba, amene ali ndi mkombero wamkuwa m'khosi wolembedwapo dzina la mbuye wake, ndi Wamba, wanthabwala. Wamba akumbutsa mnzakeyo kuti nkhumba ikakhala yamoyo, ili kuvuta kapolo, imatchedwa swine, dzina la chinenero cha a Saxon; koma ikaphedwa, nkukaikidwa patebulo la bwana, isanduka pork, dzina lachifalansa. Ana amene amalankhula chinenero china kwao ndi chinanso m'kalasi sadzafuna munthu wowamasulira nthabwala imeneyo.

Komabe mphunzitsi achenjere, asasandutse Ivanhoe buku lophunzitsira mbiri. Pofika 1194 panali patapita zaka 128 chigonjetsedwere England, ndipo akatswiri a mbiri, monga E. A. Freeman, anatsutsa zoti chidani cha mitundu iŵiriyo chinali chikali chowawa chotero. Richard, amene bukuli limuonetsa ngati mfumu yokonda anthu ake, analamulira kuyambira 1189 mpaka 1199, ndipo m'zaka zonsezo anakhala ku England pafupifupi miyezi 6 yokha. Locksley, amene ndi Robin Hood, anatengedwa m'nyimbo zakale. Ndipo pamene Athelstane, amene onse amamlira maliro, atulukira wamoyo, nayamba kudandaula za njala imene anamva, woŵerenga wachikulire ali ndi ufulu wakuseka mlembi.

Tsono za ngwazi zake. Chodabwitsa nchakuti mwini dzina la bukuli achita zochepa. Chigawo chachikulu cha nkhaniyi Ivanhoe ali gone, ndi bala m'nthiti, ena akumnyamula pamachira. Ndi wolimba mtima, waulemu, wokhulupirika. Koma mtima wake suvutika konse ndi kusankha, pakuti njira yake aidziŵa kuyambira pachiyambi. Rowena nayenso ndi wokongola, wodzisunga, wa mau olemera. Koma ntchito yake njakudikira. Pamene mmodzi wa a Norman anamuumiriza ukwati m'linga la Torquilstone, iye anakana poyamba, kenaka anangogwetsa misozi.

Rebecca ndi wina. Alibe linga, alibe alongo onyamula mikondo, ndipo lamulo la dziko silimuŵerengera. Chimene ali nacho ndi nzeru ya mankhwala, chikhulupiriro cha makolo ake, ndi lilime losaopa. Scott amuika pa mayeso atatu, ndipo aliwonse aposa anzake kulemera.

Oyamba achitika m'linga lomwelo la Torquilstone. Brian de Bois-Guilbert, msilikali wa gulu la Templar, amene analumbira kusakwatira, aloŵa m'chipinda chimene namwaliyo watsekeredwa, ndi zolinga zoipa. Rebecca akwera pakhoma la nsanja, pamwamba pa phompho, namuuza kuti akangoyandikira phazi limodzi adzadziponya pansi. Mwamuna amene sanagonjerepo munthu abwerera m'mbuyo, ndipo chilakolako chake chisanduka ulemu wosakanizika ndi chikondi chimene chidzamupha.

Achiŵiri ndiwo malo okoma koposa m'buku lonse. Linga lazingidwa, ndipo Ivanhoe sangathe kudzuka. Rebecca aima pazenera, atadzitchinjiriza ndi chishango chakale, namsimbira zonse zimene aona. Motero woŵerenga aona nkhondo ndi maso a sing'anga amene adziŵa chimene muvi umachita m'thupi la munthu. Ivanhoe alira kuti sali m'kati mwa ndeuyo, natama ulemerero wa asilikali. Rebecca amfunsa chimene chimatsala pa ulemererowo munthu atafa, koma malaya achitsulo a dzimbiri opachikidwa pamanda ndi zilembo zofufutika. Mnyamatayo amuyankha kuti iye, posakhala Mkhristu, sangamvetse zinthu zapamwambazo. Yankho limenelo nlopanda mphamvu, ndipo nkovuta kukhulupirira kuti Scott sanadziŵe. Apa buku la malupanga liimba mlandu malupanga omwewo, ndipo woimba mlanduyo ndi mkazi amene amkonda wodwala wakeyo mosatulutsa mau.

Achitatu ndiwo bwalo la ku Templestowe. Mkulu wa a Templar, Lucas Beaumanoir, poona kuti msilikali wake wasokonezeka mutu, ati namwaliyo ndi mfiti, ndipo umboni wake ndi womwewo wakuti amachiza odwala. Amuuza kuti akasiya chipembedzo chake adzapulumuka kumoto, iye akana. Apempha kuti mlandu wake uweruzidwe ndi mikondo, pakuti anthu a m'nkhaniyi ankakhulupirira kuti wolungama sagonja pa ndeu yotero, monga makolo ankakhulupirira kuti mwavi sunama. Bois-Guilbert aikidwa kumenyera gulu lake, ndiye kuti kumenyera imfa ya mkazi amene amkonda. Dzuŵa litapendeka Ivanhoe afika, wofooka, pa kavalo wotopa. Aŵiriwo agundana, onse agwa, koma Bois-Guilbert sadzukanso, ngakhale mkondo unangomkhudza pachishango. Anamupha ndi mitima iŵiri yolimbana m'chifuwa chimodzi. Ena ati imfa imeneyi ndi njira yachidule ya mlembi wotopa. Komabe ndi imfa yomuyenera munthu amene m'buku lonse ndiye yekha mwa asilikali anang'ambika pakati.

Pamapeto Ivanhoe akwatira Rowena, ndipo oŵerenga ambiri sanakondwe nazo. William Makepeace Thackeray anachita kulemba kabuku koseketsa, Rebecca and Rowena, ka m'chaka cha 1850, mmene Rowena amwalira, Rebecca atembenuka kukhala Mkhristu, ndipo Ivanhoe amkwatira. Scott mwini wake anali atayankhapo kale m'mau otsogolera a 1830. Iye anati maganizo a nyengo imeneyo sakanalola ukwati wotero, ndiponso kuti nkoopsa kuphunzitsa achinyamata kuti ukoma umalipidwa ndi zabwino za pansi pano. Pa mfundo yoyambayo mbiri imvomereza. M'chaka cha 1190, zaka 4 nkhaniyi isanayambe, Ayuda pafupifupi 150 anafa ku York komweko atazingidwa ndi khamu la anthu, ndipo m'chaka cha 1290 mfumu Edward I inathamangitsa Ayuda onse m'dziko la England. Thackeray, pofuna kumpatsa Rebecca mwamuna, anamlanda chinthu chomwe namwaliyo anakana kuchitaya pamaso pa moto. Rebecca wotembenukayo sakanakumbukika.

Scott sanali woyera m'manja pa nkhani ya Ayuda. Isaac amjambula monga mwa chipongwe chakale, wonjenjemera ndi wokonda ndalama, ngakhale kuti pamene mwana wake ali pangozi nkhalambayo iiŵala chuma ndi kuŵaŵa kwa thupi lomwe. Mphunzitsi woŵerengera ana zigawo za bukuli ayenera kuima pamenepo, nawafunsa kuti amene anamphunzitsa Isaac mantha ndani.

Chigawo chotsiriza nchachifupi. Patapita masiku aŵiri chichitikire ukwati, Rebecca afika kwa Rowena, nampatsa kabokosi ka miyala ya mtengo wapatali, natsazika. Iye ndi atate wake anka ku Granada, dziko la Asilamu ku Spain, kumene adzatumikira odwala ndi anjala, wosakwatiwa. Apanso Scott aphonya zaka, pakuti mfumu Boabdil imene aitchula inataya Granada m'chaka cha 1492, zaka pafupifupi 300 pambuyo pake. Asanachoke, Rebecca apempha Rowena kuti avundukule nsalu yakumaso, kuti aone nkhope ya mkazi amene Ivanhoe anamsankha. Ndipo mlembi anong'oneza kuti m'zaka zotsatira Ivanhoe ankamkumbukira Rebecca kaŵirikaŵiri, koposa mmene mkazi wake akanakondera.